Mtengo wanu unafa ndi njala ya kumizu, osati ludzu

Achimwene, mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti mtengo umene munausenda khungwa kuzungulira thunthu lonse ukhalebe wobiriwira kwa miyezi kenako n'kuuma, komanso chifukwa chake pamwamba pa bala panatupa pomwe kumunsi kwake kunangokhala chimodzimodzi. Ena m'gulu muno akuti madzi analephera kukwera. Ayi ndithu, madzi ankakwera bwinobwino, n'chifukwa chake masamba sanafote msanga. Chimene munadula inu ndi njira ya chakudya.

Mumtengo muli njira ziwiri. Madzi ndi michere ya m'nthaka zimakwera kudzera m'kati molimba muja, m'timitsempha totchedwa xylem. Koma shuga amene masamba amapanga pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide amayenda mu phloem, kachigawo konyowa kaja ka kunsi kwa khungwa komwe kumachokera luzi. Mpeni wanu unachotsa phloem n'kusiya xylem. Shuga ankatsika kuchokera kumasamba, akafika pabala n'kuima. Maselo a pamenepo anakhuta n'kuchulukana, ndiye chotupa mukuchionacho. Mizu inalimbikirabe ndi sitachi, chakudya chopangidwa kuchokera ku shuga, amene inasunga kale, koma atatha inafa, masamba n'kutsatira. Wasayansi Marcello Malpighi wa ku Italy anaona chotupa chomwechi kalekale, m'zaka za m'ma 1600.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti chomera chilibe mtima wopopa, komabe madzi a shugawa amatha kuyenda pafupifupi mita imodzi pa ola. Wasayansi Ernst Münch wa ku Germany ndiye anafotokoza zimenezi mu 1930. Kutsamba, maselo amalonga shuga m'timitsempha ta phloem mpaka madzi ake akhale a shuga wambiri zedi. Shugayo amakoka madzi kuchokera mu xylem yapafupi, ndipo kamtsemphako kamadzaza tho! Kumuzu kapena kuchipatso, shuga amatsitsidwa, madzi amatulukanso, kamtsempha n'kukhwepa. Ndiye zonse zimakankhika kuchoka kodzaza kupita kokhwepa. Mukafuna umboni, yang'anani nsabwe za m'masamba. Zimangobaya kamlomo kake mu kamtsempha kamodzi, madzi otsekemera n'kumadzilowera okha, mpaka otsala amatulukira kumbuyo. Madontho onanda amene nyerere zimaunjikanira pamasamba aja ndi amenewo.

Tsono musaganize kuti shuga amangolowera pansi basi. Amapita kulikonse kumene akumutsitsa mwachangu, ngati ana a galu pabere: woyamwa mwamphamvu ndiye amanenepa. Tsamba lanthete silidyetsa chomera, limadyetsedwa, ndipo limayamba kutumiza shuga kwina likakula kufika cha patheka la msinkhu wake. Masamba a kumunsi amathandiza kwambiri mizu, a kumtunda amadyetsa nsonga, ndipo chipatso chimadalira masamba oyandikana nacho. Zipatso zikangoyamba kukula zimalanda gawo lalikulu, mizu n'kuchepetsa kukula. Pachifukwa chimenechi wopatulira zipatso amapeza zochepa koma zikuluzikulu, ndipo wothira fetereza wa nayitirojeni mopyola muyeso amadabwa kuona masamba ali gwirigwiri koma pansi palibe chokumba: mphukira zatsopano zinadya zonse. Mbatata nayo imalandira shuga nyengo yonse n'kumusunga ngati sitachi, koma ikayamba kuphuka njira imatembenuka, ndipo imafwaphira podyetsa mphukira zake. Ngakhale usiku ulendowu suima, chifukwa tsamba limasungako sitachi masana n'kumamusungunula pang'onopang'ono mpaka kuche.

Alimi ena a mphesa amasenda khungwa dala kuti shuga asatsike, zipatso zikule. Koma iwo amachotsa kamzere kakang'ono kwambiri koti kapole m'masabata ochepa mizu isanafe ndi njala. Lanulo linali bala lalikulu, losalumikizika. Ngati muli ndi mtengo wina umene wavulala chonchi posachedwapa, pali njira youpulumutsira: kumezanitsa timitengo tanthete ta mtundu womwewo kuchokera kumunsi kwa bala kukafika kumtunda kwake, kuti shuga apeze podutsa. Woumawu musafulumire kuuzula. Yang'anani kaye kumunsi kwa bala, chifukwa mitengo ina imatulutsa mphukira pamenepo, ndipo masamba ake amatha kudyetsanso mizu ngati ina idakali ndi moyo.