Kwa asisi amene bambo akunyumba akusiya usilikali atavulala

Asisi, pepani kwambiri. Mwalemba kuti bambo akunyumba anavulala mwendo ku Congo, madokotala ati usilikali sangapitirize, ndiye mukusamuka ku Kamuzu Barracks kukakhala ku Area 36, ndipo mukufunsa poyambira poti usiku sagona komanso sachedwa kupsa mtima. Ife tinaziona ndi achimwene anga. Anabwerako atavulala mu 2018, chaka chimene asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi mzinda wa Beni ku Congo komweko.

Mwendowo uli nako kopita. Ku Kamuzu Central kuli mafizo, kuli chipatala cha mafupa cha LION, ndipo miyendo yoikirira amapanganso komweko. Chachikulu asamajombe masiku omwe awapatsa.

Chimene chinawasautsa achimwene ndi m'mawa. Munthu wazolowera kudzukira perete, aliyense akumudziwa ranki yake, lero ali ku lokeshoni komwe ana amangoti "abambo a ndodo aja". Anzawo onse m'mudzi alawirira ku ntchito, iwo ali pakhonde ndi wailesi. Pofika 10 koloko amakhala atatsetserekera kokamwa kachasu. Usiku wolowa chaka ana ataphulitsa makombola, tinawapeza atagona pansi kuseri kwa sofa, thukuta lili kamukamu. Ena pamtundu anati alodzedwa, ndipo tinataya pafupifupi chaka tikuyenda kolakwika. Adokotala ndi amene anatiuza kuti ndi PTSD, matenda amene amagwira munthu yemwe waona zoopsa, ndipo amathandizika ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala. Kuno ku Lilongwe thandizo lotere lilipo ku zipatala za Bwaila ndi St John of God.

Koma mawu oti "misala" musawatchule ngakhale pang'ono, msilikali salola. Nenani za tulo. Ndipo ife tinalephera kuwanyengerera achimwene kuti apite kuchipatala, amene anakwanitsa ndi mnzawo yemwe anali naye limodzi ku Congo. Pali zinthu zomwe sangakuuzeni inu, osati chifukwa sakukondani, koma safuna kuti zilowe m'nyumba. Anzawo aja musawatsekere pakhomo ayi, ndipo afunseni za bungwe la asilikali akale la VELOM.

Musanapereke makiyi a nyumba, pangani fotokope mapepala onse a kuchipatala ndi kalata yowapumitsa ntchito, muwasunge malo awiri. Mukatuluka pageti, kutsatira fayilo kumadya ndalama za thiransipoti. Ndalama zopumira zikatuluka abale adzachuluka, wina ndi nkhani ya minibasi, wina ya feteleza. Zikhale kaye ku banki miyezi ingapo mitu izizire. Ine ndinganene kuti puloti iyambe, chifukwa lendi simudziwa munthu wovulala.

Bambo akunyumba akayamba kukumenyani kapena kuopseza ana, chokani kaye, muwauze ankhoswe, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Akangotchula zodzipha, ngakhale moseka, tsiku lomwelo apite kuchipatala.

Achimwene pano amaweta nkhuku za mazira ku Likuni. Phindu lake ndi lochepa, koma 5 koloko amakhala atadzuka, nsapato atapolisha, akuyendera khola ngati akuyendera asilikali. Afunseni alamu athuwo chimene iwo angafune kumadzukira, osawasankhira. Mukafuna kuti alankhulane ndi achimwene, ndilembereni ku inbox, akana zambiri koma msilikali mnzawo sanamukanepo.