Mbuna yanu si yoipa mtima, thankiyo ndi yaing'ono

Achimwene ena a ku Mchengautuwa anditumizira imelo. Akuti ali ndi thanki ya malita 60, muli tinsomba ting'onoting'ono totchedwa ma guppy, goldfish ziwiri ndi mbuna imodzi (nsomba ya m'miyala ya m'nyanja ya Malawi) ya mtundu wa auratus. Mbunayo yapha kale goldfish imodzi, ma guppy akungokhala pakona kumtunda zipsepse zili zong'ambika. Ndiye akufunsa kuti aikemo nsomba yanji yoti iziyiopseza, mwina nsomba ya ndewu yotchedwa betta?

Achimwene, betta ayi chonde. Imasambira pang'onopang'ono, zipsepse zake ndi zazitali, auratus idzangozinyotsola mpaka kufa. Goldfish yatsalayo ichotseni lero lomwe, imeneyo ndi ya madzi ozizira pomwe mbuna imafuna madigiri 24 mpaka 26.

Koma nkhani yeniyeni ndi thanki. Mukapita ku Nkhata Bay, valani magalasi osambirira muyang'ane pansi pa miyala paja. Mbuna yaimuna iliyonse imakhala ndi mwala wake kapena kaphanga kake, pamenepo ndi pomwe imadya ndere komanso kukopera zazikazi, ina ikangoyandikira imathamangitsidwa. Kunyanjako yothamangitsidwayo imangosuntha pang'ono nkhani yatha. Mu thanki ya malita 60 ithawira kuti? Galasi lonselo ndi bwalo la mbuna imodzi, ndiye imamenya usana wonse osapuma. Komanso auratus ndi imodzi mwa mbuna zolusa kwambiri, ine munthu woyamba kumene sindingamuuze kuti ayambe nayo.

Mbuna zimafuna thanki yotalika masentimita 120, malita 200 kupita m'mwamba. Ndikuti kutalika kwa m'litali, osati kupita kumwamba ngati mgolo, chifukwa zimalimbirana malo a pansi. Muunjike miyala yambiri mpaka pakati pa thanki, mipata ikhalepo yoti nsomba ikalowa inzake isayione, ikasowa m'maso mkangano umathera pomwepo. Miyalayo ikhazikeni pansi penipeni musanathire mchenga, izi zimakumba heve ndipo mulu utha kugwera galasi.

China chomwe anthu amadabwa nacho, mbuna ziwiri kapena zitatu zimaphana msanga kuposa khumi ndi ziwiri. Zikachuluka wolusa uja amasowa woti alimbane naye yekha, ukali umagawikana. Bola fyuluta yosefera madzi ikhale yamphamvu ndipo sabata iliyonse muzisintha pafupifupi kota ya madzi. Yaimuna imodzi izikhala ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Yaikazi imasunga mazira mkamwa pafupifupi masabata atatu isakudya, ikakhala yokha yaimuna imaivutitsa mpaka kufooka, zimandimvetsa chisoni kwambiri zimenezi. Osaikanso amuna awiri ofanana mtundu ndi mizere, amaonana ngati adani.

Yoyamba nayo yabwino ndi Labidochromis caeruleus, yachikasu ija azungu amaitcha yellow lab, kwawo ndi konkuno kugombe la Nkhata Bay. Ndi yofatsako ndithu poyerekeza ndi zinzake. Chakudya cha mbuna zambiri chikhale cha zamasamba monga spirulina (mtundu wa ndere), za nyama zikachuluka zimatupa mimba n'kufa.

Hita yotenthetsera madzi musaiwale. Kuzizira kwa kuno mu June ndi July mukukudziwa, madzi a m'nyumba amatsika kwambiri usiku. Magetsi akathima fundikani thanki ndi bulangete ndipo musazidyetse mpaka fyuluta iyambenso.

Ndiye musankhe chimodzi achimwene. Ngati ndalama ya thanki yaikulu palibe pakadali pano, auratus mupatseni munthu amene ali ndi malo, inu mutsale ndi ma guppy anuwo, mu malita 60 akhala bwinobwino ndipo aziswana. Kukaitaya auratusyo mu dambo kapena mumtsinje ayi, imeneyo ndi nsomba ya m'miyala ya kunyanja, ikangofa. Ngati mtima uli pa mbuna basi, yambani mwasunga ndalama ya thanki ya masentimita 120, nsomba mugule pambuyo. Munditumizire chithunzi cha mmene mwaikira miyala ndione musanathiremo madzi.