Chipale chikachepa mu Disembala, phiri silikhala lotetezeka

Amayi ena a ku Kabwata atilembera kuti mwana wawo, amene akuphunzira ku Zürich m'dziko la Switzerland, akufuna kukayenda ndi anzake kumapiri a Alps mu Disembala, kutali ndi njira zokonzedwa ndi kulonderedwa. Mwanayo akuti palibe choopa chifukwa chipale chofewa sichinagwe chambiri. Amayiwo akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Amayi, pamene mwana wanu akuona chitetezo ndi pamene pali vuto. Nthaka yokutidwa ndi chipale imakhala pafupi ndi 0°C, pomwe mpweya pamwamba ungazizire kufika -15°C usiku. Chipale chikakhala cha masentimita 30 okha, kusiyana konseko kumachitika pakamtunda kochepa. Kusiyanako kukaposa 1°C pa masentimita 10 alionse, chinyezi chimakwera kuchoka pansi n'kusandutsa timibulu ta chipale kukhala tamakona, tosagwirana. Mukatapa m'manja timayoyoka ngati shuga. Kenako kumagwa chipale chatsopano, mphepo n'kuchiumba kukhala chigamba cholimba chokhala pamwamba pa timibulu tija. Kulemera kwa munthu mmodzi kumakwana kuswa zapansizo, mng'alu umathamanga pansipansi, chigamba chonse n'kutsetsereka nthawi imodzi: chimenechi ndicho chigumukire cha chipale. Pa ngozi 10 zilizonse zotere, pafupifupi 9 amaziyambitsa ndi wokwiriridwayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo. Maziko ofookawa sachira msanga, amatha kukhala milungu kapenanso miyezi. Amapezeka kwambiri kumbali yoyang'ana kumpoto, komwe chipale cha mu Okutobala ndi Novembala sichisungunuka. Ku Europe kumpoto ndiko kumthunzi, mosiyana ndi kwathu kuno, choncho asasokoneze.

Palinso china: chipale chikachepa, miyala ndi zitsa sizikwiririka. Kachigumukire kakang'ono kangathe kumumenyetsa munthu pamwala n'kumupha asanakwiriridwe n'komwe.

Chinthu chimene mwana wanu angathe kusankha yekha ndi malo oyendamo. Zigumukire zambiri zimayambira pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45. Akhale pamalo osafika madigiri 30, koma ayang'anenso zimene zili pamwamba pake, chifukwa mng'alu ungayambire pachidikha n'kukagwetsa chipale cha kumtunda. Apewe zigwa zopapatiza ndi makwawa. Kumeneko chipale chochepa chimaunjikana n'kukwirira munthu mwakuya.

Asanachoke panyumba awerenge lipoti la zigumukire la SLF, bungwe lofufuza za chipale ndi zigumukire la ku Davos, lomwe m'nyengo yachisanu limatuluka 5 koloko madzulo ndi 8 koloko m'mawa, ndipo limapezekanso pa pulogalamu ya pafoni ya White Risk. Muyeso wake wa kuopsa umayambira pa 1 (pang'ono) kufika pa 5 (kwambiri). Nambala 3 imanyenga anthu poti ili pakati, komatu ndi pa nambala imeneyi pamene anthu ambiri amafera ku Switzerland. Kwa munthu wongoyamba kumene, ife timati 3 ndi tsiku lokhala m'njira zokonzedwa. Ali kuphiriko, akamva chipale chikutitimira ndi kaphokoso kakuti "wuum", akaona ming'alu ikuthamanga kuchoka pamapazi ake, kapena zigumukire zatsopano pamapiri oyandikana, abwerere. Achitenso chimodzimodzi ngati kwagwa chipale cha masentimita 30 pa tsiku limodzi, makamaka kukakhala mphepo.

Aliyense m'gulu anyamule zida zitatu: transceiver (kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro chothandiza kupeza wokwiriridwa) yovala pathupi mkati mwa jekete, ndodo yopinda yofufuzira ya masentimita 240 kapena kuposa, ndi fosholo yachitsulo, pakuti yapulasitiki imathyoka. Foni ikhale masentimita 20 kutali ndi transceiver, ndipo pofufuza munthu ikhale masentimita 50, chifukwa imasokoneza. Chifukwa cha zidazi ndi nthawi. Kafukufuku wa ku Switzerland anaonetsa kuti mwa anthu 10 ofukulidwa mphindi 15 zisanathe, 9 amakhala moyo, koma pofika mphindi 35 amatsala pafupifupi 3. Helikopita ya bungwe lopulumutsa anthu la Rega, lomwe nambala yake ya foni ndi 1414, kawirikawiri singafike m'mphindi zoyambazo. Ofukula ndi anzake omwewo. N'chifukwa chake pamalo okayikitsa awoloke mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pamalo otetezeka.

Zida popanda kuziphunzira sizithandiza. Mumuuze, Amayi, kuti ayambe walembetsa maphunziro a zigumukire a tsiku limodzi kapena awiri ku Swiss Alpine Club kapena kusukulu ya otsogolera anthu kumapiri, ndipo ulendo woyamba apite ndi wotsogolera wovomerezeka. Anzakewo akakana zimenezi, iye asapite nawo.