Volovolo ya malemu atate anu ndi mitengo ya pa intaneti

Bambo wina wa ku Chilomoni wandilembera kuti malemu atate ake anasiya volovolo (mfuti ya m'manja) ya mtundu wa Webley, ndipo wapezeka wofuna kuigula pa mtengo umene iwo akuukayikira, popeza pa intaneti aonapo mitengo ya madola yokwera kwambiri. Akufunsa kuti mtengo woyenera angaudziwe bwanji.

Bambo, funso lanu landikumbutsa amalume anga amene anali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mzungu amene ankagwira naye ntchito, pobwerera kwawo dziko litalandira ufulu mu 1964, anawasiyira Webley Mk VI, mtundu umene asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1915, wa zipolopolo za .455, wopangidwa ku Birmingham. Amalume anailembetsa kupolisi, ndipo ankaisunga yokulunga m'kansalu ka mafuta. Ndili mwana ndinkaiona itatuwa m'mphepete mwa mpope, pamene chikwama chachikopa chinkakhula, ndipo pambali pake panali kachizindikiro konga muvi kosonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Atamwalira, wachibale wina anaganiza kuti chinthu chothimbirira chotero sichingagulidwe, choncho anaitengera kwa mmisiri wa zitsulo ku Ndirande amene anaipala ndi sandipepala mpaka inawala ngati sefuliya yatsopano. Kamuvi kaja kanafufutika, manambala ena anasiya kuwerengeka, ndipo munthu wodziwa mfuti amene anadzaiona pambuyo pake anangopukusa mutu. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa zimene zinapalidwa tsiku limenelo ndizo zikanauza wogula kumene mfutiyo inachokera.

Ndikunenetsa kuti osonkhanitsa mfuti zakale salipira kuwala, amalipira chitsulo chimene sichinasinthidwe. Ma Webley ambiri amene anagulitsidwa ku America nkhondo yachiwiri itatha anadulidwa kumbuyo kwa chigawo chozungulira chija cholowa zipolopolo kuti azilandira za .45 ACP, ndipo oterowo mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi osadulidwa, ngakhale aoneke okongola chotani.

Chinanso chimene chimandivuta ndi chizolowezi chotenga mtengo wa ku makampani a okushoni monga Rock Island Auction ku America kapena Holts ku England n'kuusintha kukhala makwacha. Mtengo umenewo ndi wa kumalo kumene ogula ambiri amapikisana pa mfuti imodzi, pamene kuno ku Blantyre ololedwa kugula ndi owerengeka, ndipo kuitumiza kunja kumafuna zilolezo za mbali zonse ziwiri. Ngakhale ku Britain komweko, kuchokera mu 1997 anthu wamba ambiri saloledwa kusunga mfuti za m'manja, kotero zina zogulitsidwa kumeneko ndi zophedwa kuti zisawombenso. Ndiye musanyengedwenso ndi wokuuzani kuti volovolo iliyonse yakale inapita ku nkhondo ku Burma ndi gulu la asilikali la King's African Rifles. Nthawi zambiri mavolovolo ankanyamula ndi maofesala, ndipo mbiri yopanda kalata, chithunzi kapena risiti siwonjezera ngakhale tambala imodzi.

Zoti muchite

Yambani ndi mapepala. Chiphaso cha atate anu sichinasamukire kwa inu pamene anamwalira, choncho pitani kupolisi mukafotokoze za mfutiyo motsatira lamulo la Firearms Act, ndipo musaipereke kwa munthu wopanda chilolezo, ngakhale atabwera ndi ndalama zochuluka bwanji. Kenako onani ngati manambala a pa thunthu, pa mpope ndi pa chigawo chozungulira akufanana, suzumirani mumpope ngati dzimbiri silinadyemo, koma musapale kapena kuwomberapo. Poyerekeza mitengo, onani ndalama zimene mfuti zofanana ndi yanu zinagulidwadi pa okushoni, osati zimene ogulitsa akuitanitsa, ndipo muyembekezere zocheperapo kuno kwathu. Ngati muli ndi makalata a atate anu okhudza mfutiyo, kafufuzeni za mwini wake woyamba ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House musanamuyankhe wogulayo.