Mungaphunzitse bwanji za nkhalango yamvula ana asanaionepo?

Aphunzitsi ena a ku Ulongwe, kuno ku Angónia, anditumizira imelo. Akuti akuyenera kuphunzitsa m'mene asayansi amawerengera mitundu ya zamoyo m'nkhalango zamvula, zija za ku Amazon ndi Congo, koma ana awo amangodziwa miombo ndi minda ya chimanga, ndiye ayambire pati?

Aphunzitsi, yambirani pa miombo yomweyo. Njira yake ndi imodzimodzi, zosiyana ndi manambala basi.

Palibe amene amawerenga nkhalango yonse. Amapima puloti, kachigawo ka nkhalangoyo, nthawi zambiri hekitala imodzi, nkuyeza mtengo uliwonse pa mamita 1.3 kuchoka pansi, ukakwana masentimita 10 m'mimba mwake umalowa m'kaundula ndi dzina lake. Umu ndi m'mene katswiri wa zomera Alwyn Gentry anapezera mitundu ya mitengo pafupifupi 300 pa hekitala imodzi yokha pafupi ndi Iquitos ku Peru. Ku Barro Colorado, Panama, kuli puloti ya mahekitala 50 yomwe anayamba mu 1980, kumeneko ndiye amalemba ngakhale kamtengo ka sentimita imodzi. Inu dulani chingwe cha masentimita 31, poti ndiwo muyezo wozungulira mtengo wa masentimita 10 m'mimba mwake, mtengo womwe chingwecho chalephera kuuzungulira ndi woti ulembedwe, ndipo mapuloti a mamita 10 mbali zonse akukwanirani.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo. Ana akamaliza puloti yoyamba alembe mitundu yomwe apeza, kaya mombo, msuku, muwanga, pa yachiwiri aonjezere yachilendo yokha, choncho mpaka mapuloti athe, kenako ajambule girafu ya mitundu yonse yomwe apeza pamene mapuloti akuonjezeka. Mzere umakwera msanga poyamba nkuyamba kugona, ukagona ndiye kuti mwatsala pang'ono kuipeza yonse. M'nkhalango yamvula mzerewo umangokwerabe chifukwa mitundu yambiri ndi yosowa, mwina mtengo umodzi pa hekitala yathunthu. Mwana akamvetsa zimenezi, phunziro lalowa.

China, kuchuluka kwa mitundu pakokha sikunena zonse. Puloti ya mitengo 20 ya mitundu inayi momwe 17 ndi tsanya, ngati kuchigwa kwa Zambezi kuja, siifanana ndi ina ya mitundu inayi yomweyo koma uliwonse mitengo isanu. Pali masamu otchedwa a Simpson omwe amayeza zimenezi: mutatola mitengo iwiri mwachisawawa, mwayi woti ikhale ya mtundu umodzi ndi wotani? Masamu ena oyezera zomwezi, otchedwa a Shannon, asiyeni kaye, malogalizimu angowabalalitsa ana.

Tizilombo ndiye nkhani ina. Katswiri wa tizilombo Terry Erwin ankapopera mankhwala m'nthambi za mitengo ku Panama nkutola zogwa, ndipo mu 1982 anati mwina padziko pali mitundu ya tizilombo 30 miliyoni, nambala yomwe anzake ambiri anadzaitsitsa. Masiku ano kulinso makamera omangirira pamitengo ndi kuyeza DNA, chidindo cha chibadwa chomwe zamoyo zimasiya m'madzi.

Muwauzenso kuti nkhalango yamvula ilipo konkuno ku Mozambique, pa phiri la Mabu ku Zambézia. Asayansi anaiona pa zithunzi za setilaiti za Google Earth mu 2005, ngakhale eni dera ankaidziwa kalekale. Ndipo tsiku lopita kutchire mutenge agogo amodzi odziwa maina a mitengo, apo ayi theka la kaundula lidzangokhala "sitikuudziwa".