Kernel Isalonjeze Zimene Ma Core Ena Sangathe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene akulemba kernel yakeyake (mtima wa opaleting'i sisitimu, umene umayang'anira mapulogalamu onse) ya mapurosesa a ARM64 pa bolodi lokhala ndi ma core (zigawo za purosesa zoyendetsa malamulo) a mitundu iwiri, aakulu ndi aang'ono. Iye akufunsa kuti, popeza ma core ena amadziwa malamulo amene anzawo sawadziwa, bwanji osangouza mapulogalamu kuti malamulo onsewo alipo, ndiyeno pulogalamu ikapunthwa pa core yosalidziwa lamulolo, kernel n'kuinyamula kupita nayo pa core yolidziwa. Achimwene, funso lanuli landigunda pabala, chifukwa nzeru yomweyi inandidyera pafupifupi mwezi wathunthu.

Panthawiyo ndinkakonza kachipangizo kosonkhanitsa zithunzi za makamera, ndipo bolodi lake linabwera ndi kernel yokonzedwa kale ndi kampani imene inatigulitsa. Pulogalamu yathu inkayenda bwinobwino kwa maola awiri kapena atatu, kenaka n'kufa mwadzidzidzi ndi SIGILL, chizindikiro chimene kernel imatumiza purosesa ikakumana ndi lamulo limene siikulizindikira. Poyamba ndinaganiza kuti ndi magetsi, moti ndinasintha adaputala katatu konse. Kenaka ndinakayikira kutentha, ndipo ndikukumbukira usiku wina nditakhala ndekha, fani ya patebulo italoza pa bolodilo, chala changa chili pamwamba pa chip kuti ndimve ngati ikuwotcha, maso ali pa mizere yotuluka pa chingwe cha UART. Chip inali yofunda pang'ono chabe, koma pulogalamu inafabe. Chimene chinanditsegula maso chinali chinthu chaching'ono kwambiri, lamulo la taskset, limene limasankhira pulogalamu ma core oti iziyendapo. Nditaimangirira pulogalamuyo pa ma core aang'ono, 0 mpaka 3, inayenda masiku atatu osatsokomola, koma nditaimangirira pa aakulu, 4 mpaka 7, siinathe ngakhale sekondi imodzi.

Zinapezeka kuti kernel ija inkawerenga register ya ID_AA64ISAR0_EL1, kamalo ka m'purosesa konena malamulo amene core ikuwadziwa, pa core yoyamba kudzuka yokha, n'kulengeza zimene yapezamo kwa mapulogalamu onse kudzera mu HWCAP, mndandanda wa zimene purosesa ingathe, ngati kuti ma core onse asanu ndi atatu anabadwa tsiku limodzi. Chodabwitsa n'chakuti aang'onowo ndiwo anali amakono, okhala ndi malamulo a LSE atomics, osinthira nambala m'memori kamodzin'kamodzi popanda core ina kulowerera, amene anabwera ndi ARMv8.1, pamene aakuluwo anali a m'badwo wakale. Ndikutchula zimenezi chifukwa m'kalata yanu mwalemba ngati kuti core yaikulu ndiyo imadziwa zambiri nthawi zonse, ndipo sizili choncho. Nkhani yodziwika bwino ndi ya Exynos 9810 ya mu Galaxy S9 ya chaka cha 2018, imene ma core ake aang'ono a Cortex-A55 anali a ARMv8.2 pamene aakulu a M3 anali a ARMv8.0, moti olemba LLVM, zida zosandutsira zolemba za pulogalamu kukhala malamulo a purosesa, anachita kuika mzere wapadera woyang'ana dzina la chip imeneyi n'kukana kugwiritsa ntchito LSE ngakhale kernel itanena kuti ilipo.

Ine ndiye ndinachita ndendende zimene mukuganizazo. Ndinalowa m'gawo la kernel lolandira malamulo osadziwika, ndinalemba mizere yoti ikaona kuti lamulo ndi la LSE isinthe affinity ya pulogalamuyo, kutanthauza ma core amene ikuloledwa kuyendapo, n'kuibwezera pamalo pomwe inapunthwirapo, ndipo tsiku loyamba ndinadziona ngati katswiri chifukwa SIGILL inatheratu. Mawa lake nditatsegula top, pulogalamu yoonetsa ntchito ya core iliyonse, ndinapeza ma core aang'ono anayi akupuma movutikira ndi ntchito, aakulu onse ali manja lende. Chifukwa chake n'chosavuta kumva ukachidziwa. Kuyambira pa GCC 10 ya chaka cha 2020, chida chomangira mapulogalamu, mapulogalamu a ARM64 omangidwa nacho amayang'ana HWCAP kamodzi poyamba, ndipo akaona LSE amaigwiritsa ntchito pa loko aliyense ndi pa kuwerengera kulikonse kogawana ndi ma thread ena (zigawo za pulogalamu zoyenda nthawi imodzi). Palibe pulogalamu ya ntchito yeniyeni imene siigwira loko, choncho iliyonse inkapunthwa m'kanthawi kochepa n'kumangidwa mbali imodzi mpaka kufa kwake. Tinalipira ma core asanu ndi atatu koma tinkagwiritsa ntchito anayi, ofookawo.

Ndinayesanso kumasula pulogalamu pakapita kanthawi kuti ibwerere kumene inachokera, koma zimenezo zinangosandutsa bolodi kukhala basi yonyamula ma thread uku ndi uku, cache (kamemori kothamanga ka pafupi ndi core) n'kumazizira paulendo uliwonse. Apa ndi pamene maganizo anga anauma, ndipo mpaka lero sanafewe: njira yogwira ndi kusamutsayi ndi yolakwika kuchokera pa muzu, si kuti imangofuna kukonzedwa pang'ono. Taganizirani za kernel yeniyeniyo. Linux imasintha malamulo ake ena m'memori pa nthawi yodzuka, njira yotchedwa alternatives, kuti ma spinlock ake, maloko a m'kati mwa kernel, agwiritse ntchito LSE ngati ilipo. Kernel ikapunthwa ili m'kati mwa spinlock, ma interrupt atatsekedwa, palibenso wina pamwamba pake woti aisamutse.

Komanso si kusiyana konse kumene kumalira ndi SIGILL. Mu 2016 olemba Mono, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu a C#, anavutika ndi Exynos 8890 ya mu Galaxy S7, imene ma core ake aakulu ankanena kuti mzere wa cache ndi mabaiti 128 pamene aang'ono ankanena 64. Pulogalamu inkawerenga nambalayo kamodzi mu register ya CTR_EL0 ili pa core yaikulu, kenaka n'kukayeretsa cache ili pa yaing'ono podumpha mabaiti 128, motero theka la mizere linkatsala losayeretsedwa ndipo purosesa inkayendetsa malamulo akale amene anali atafufutidwa kale. Pamenepa panalibe lamulo losadziwika loti kernel iligwire pa nthawi yake. Linux inathetsa vutoli potsekereza mapulogalamu kuwerenga CTR_EL0 mwachindunji pa makina otere, n'kumawayankha yokha ndi nambala yaing'ono imene ili yotetezeka pa ma core onse. Ndiye mfundo yonse ya fayilo ya cpufeature.c ya arm64: gawo lililonse la register lili ndi lamulo lonena ngati nambala yotetezeka ndi yotsika, yokwera, kapena iyenera kufanana ndendende, ndipo kusiyana kukapezeka pamene sipayenera, kernel imalemba chenjezo la SANITY CHECK n'kudziika chizindikiro choti ikuyenda pa makina osatsata muyezo.

Ngakhale Intel, ndi chuma chake chonse, inasankha njira yomweyi. Purosesa yake ya Alder Lake itatuluka mu November 2021, ma core ake aakulu a Golden Cove ankatha malamulo a AVX-512 pamene aang'ono a Gracemont sankatha, ndipo kampaniyo inangozimitsa AVX-512 pa onse. Anthu ena ankaiyatsanso mu BIOS pozimitsa ma core aang'onowo, mpaka mu 2022 pamene Intel inayamba kuidula mu chip mwenimwenimo. Ambiri anadandaula kuti alandidwa chinthu chimene analipira, ndipo ine ndikuwamvetsa, koma glibc, laibulale imene mapulogalamu ambiri a Linux amadalira, nayo imasankha memcpy yake (njira yokoperera memori) poyamba malinga ndi zimene CPUID, lamulo lofunsa zimene purosesa ingathe, yanena, choncho zimene zinandigwera ine pa bolodi langa zikanawagweranso iwo, mapulogalamu onse n'kuunjikana mbali imodzi.

Pamene Linux inalola kusiyana

Pali malo amodzi pamene Linux inagonja, ndipo ndi bwino muwadziwe kuti muone mtengo wake. Mu 2021 Arm inatulutsa Cortex-X2 ndi Cortex-A510 zoyendetsa mapulogalamu a 64-bit okha, pamene Cortex-A710 inkayendetsanso a 32-bit, ndipo mafoni a Android ankafunabe mapulogalamu akalewo. Will Deacon, mmodzi wa olemba kernel ya Linux, analemba zosintha zimene zinamalizidwa mu Linux 5.15, zoyatsidwa ndi mawu akuti allow_mismatched_32bit_el0 pa nthawi yodzutsa kernel. Zimenezi zinatheka chifukwa kernel imadziwa kuti pulogalamu ndi ya 32-bit pa execve pomwe, nthawi imene pulogalamu ikuyambitsidwa, pongowerenga mutu wa fayilo ya ELF, lamulo loyamba lisanayende, ndiye imachepetsa affinity nthawi yomweyo popanda kudikira ngozi. Ngakhale zili choncho, zosinthazo zinafika mu scheduler (yogawira ma core ntchito), mu cpuset (magulu a ma core) ndi mu hotplug (kuyatsa ndi kuzimitsa core makina akuyenda), moti core imodzi yotha 32-bit siiloledwanso kuzimitsidwa, ndipo pulogalamu ya 32-bit imakanidwa SCHED_DEADLINE, ndondomeko ya ntchito zoyenera kutha pa nthawi yoikika, pokhapokha mutazimitsa kuyeza kwake kolandirira ntchito. Ntchito yonseyi inali ya kusiyana kumodzi kokha, kodziwikiratu pakhomo. A RISC-V nawo, mtundu wina wa mapurosesa, poika riscv_hwprobe mu Linux 6.4, analola pulogalamu kufunsa za gulu la ma core limene yasankha, koma yankho limakhalabe zokhazo zimene onse a m'gululo ali nazo.

Tsono pa kernel yanuyo, achimwene, dzutsani ma core onse pulogalamu yoyamba isanayambe, core iliyonse iwerenge ma register ake a ID yokha, ndipo musunge nambala yotetezeka ya gawo lililonse. HWCAP ndi kusintha malamulo a kernel zichokere pa nambala zimenezo, kamodzi kokha. Core yodzuka mochedwa imene ikusowa chinthu chimene mwalengeza kale, ikaneni n'kuisiya ikuzungulira pa wfe, lamulo longodikira. Tsekani kuwerenga kwa CTR_EL0 kudzera mu biti ya UCT ya SCTLR_EL1 ngati mizere ya cache ikusiyana. Ndipo musanandilemberenso, yendetsani mayeso anu onse ndi affinity ya core imodziimodzi, kuti mundiuze kuti ndi iti mwa mitundu iwiriyo imene ikusowa lamulolo.