Kwa mayi a ku Chibavi amene akufuna hospice ya bambo akunyumba

Mayi, ndawerenga zimene mwalemba: kuti bambo akhala ndi dementia zaka zingapo, pano sakukuzindikirani, sakuyenda, akutsamwa akamadya, ndipo mwana wanu amene ali ku Manchester akuti muwapezere hospice. Pepani kwambiri. Ine ndinadwazika mayi anga ondibereka ndi matenda oiwala omwewa ku Luwinga mpaka tsiku limene anatisiya, ndiye zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso.

Mwana wanuyo akamati hospice akuganiza za nyumba imene wodwala amakagonekedwa, manesi n'kumamusamalira usana ndi usiku. Kuno kwathu chisamaliro chimenechi chimachitikira kwambiri pakhomo. Wodwala amagona pabedi lake, inu mumakamulembetsa ku kiliniki ya palliative care, imene imachepetsa ululu ndi mavuto a odwala matenda osachizika, ndipo kumeneko n'kumene mumatenga mankhwala ndi malangizo. Yambirani ku chipatala cha Mapale kuti akulembereni kalata yopita ku Mzuzu Central Hospital, mutatenga kabuku kawo ka kuchipatala. Ngati muli ndi abale cha ku Ekwendeni, kuchipatala cha mishoni kuja mukhozanso kukafunsa.

Koma mukafika, tchulani dzina lenilenilo, palliative care. Ine ndinataya miyezi chifukwa ndinkangoti agogo sakupeza bwino. Kuchipatala china wina anangowayang'ana n'kunena kuti ndi ukalamba, pitani muzikawapatsa phala. Ndinabwerera ndikulira m'minibasi. Anthu ambiri, ngakhale ena ovala yunifolomu, amaganiza kuti chisamaliro chimenechi ndi cha odwala khansa okha, pomwe n'cha aliyense amene matenda ake sachizika. Musanapite lembani papepala zimene zachitika sabata imodzi: atsamwa kangati, adya zochuluka bwanji, agona maola angati, ali ndi bala pati. Pepala limenelo limalankhula kuposa misozi. Funsaninso ngati pali nesi kapena odzipereka amene amayendera odwala m'makomo kudera lanu, chifukwa kunyamula munthu wosayenda pa takisi mwezi ndi mwezi si masewera.

Za kukuwa usiku ndi kuvula zovala zija mwanena, pitani ku St John of God. Iwo ntchito yawo ndi matenda a maganizo, ndipo amadziwa mankhwala oyenera munthu wamkulu. Musagule mapiritsi ogonetsa pa okala, amawonjezera kusokonezeka ndi kutsamwa. Pamene muli komweko funsani uphungu wa inu mwini. Si manyazi.

Chimene ndinachedwa kuchidziwa ndi ululu. Munthu amene sathanso kulankhula sanena kuti pakundipweteka. Mayi anga ankakwinya nkhope ndi kundikwapula dzanja ndikamawatembenuza, ine n'kumati ayamba nkhanza. Nesi ataona anati ayi, akumva kuwawa. Atayamba mankhwala a ululu pa nthawi yake, osadikira kuti abuule kaye, nyumba inakhala bata. Panado akalephera alipo ena amphamvu, mpaka morphine wamadzi amene zipatala za boma zimapereka kwaulere. Achibale adzakuopsezani kuti morphine amapha. Akaperekedwa pa muyezo wa adokotala sapha, koma amadzimbitsa, ndiye mukatenge ndi mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo.

Pa chakudya ndiye pofunika mtima wautali. Akhazikeni tsonga, mutu uweramire pang'ono kutsogolo, supuni yaing'ono, phala lolimbirako osati lamadzimadzi. Madzi ndi tiyi ndi zimene zimatsamwitsa msanga, zikalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Akamaliza akhalebe tsonga theka la ola, ndipo muyang'ane m'masaya, chifukwa mayi anga ankasunga nthochi m'kamwa mpaka madzulo. Idzafika nthawi yoti azikana kudya. Imapweteka, poti ife chikondi timachionetsa ndi mbale. Ena adzati awaike paipi ya m'mphuno. Kambiranani ndi adokotala, koma dziwani kuti pa dementia yofika pamenepa paipi kawirikawiri siitalikitsa moyo, ndipo wodwala amaisolola mpaka anthu kuyamba kumumanga manja. Ife tinakana. Tinkangowanyowetsa milomo ndi kansalu koyera n'kupaka Vaseline.

Zilonda za pogona zimayamba ngati kachigamba kakuda kapena kofiira pa chiuno, m'munsi mwa msana ndi ku zidendene. Atembenuzeni maola awiri alionse, pilo pakati pa mawondo, chitenje choyala chisakhale ndi makwinya. Ndipo kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, mu Juni ndi Julaye zofunda zimatha masiku awiri pa chingwe osauma. Ngati mwana wanu akufunsa chimene angathandize, muuzeni matewera a akuluakulu, pulasitiki ya pa matiresi, zofunda zosinthira, ndi malipiro a munthu woti azikulandirani usiku kawiri kapena katatu pa sabata.

Itanani akuchimuna ndi ana mukhale pansi pano bambo adakali moyo. Mugwirizane kuti chibayo chikabwera mudzathamangira nawo ku wodi kapena mudzawasamalira pakhomo, kuti mawa wina asadzati munawataya. Pa msonkhano womwewo muwauze mosapita m'mbali kuti awa ndi matenda a ubongo. Mukudziwa mmene timachitira, wokalamba akayamba kulankhula zosamveka kapena kutuluka usiku anthu amayamba kunong'onezana za ufiti, nthawi zina chala n'kuloza mkazi. Ngati n'kotheka, mmodzi wa alamu anu apite nanu ku kiliniki akamve yekha.

Amayi a kumpingo, a Umanyano kapena a mphakati, akati tibwere tidzaone odwala, musangowaphikira tiyi. Apatseni ola limodzi akhale ndi bambo, inu mukagone. Mayi anga anakhala ku Lilongwe zaka zambiri akuyankhula Chichewa, koma chakumapeto chinawathawa, kunatsala Chitumbuka cha kwawo ku Rumphi. Ine dzina langa analiiwala kalekale, koma amayi aja akayamba sumu, nyimbo za kutchalitchi za m'Chitumbuka, milomo ya mayi anga inkatsatira mawu onse. Yesani kwa bambo ndi chiyankhulo chimene anakula nacho, makamaka nthawi yowasambitsa.